Dzanja la Ng'ombe Pakamwa pa Kavalo

Ng'ombe imamvera pamphuno. Aliyense wokulira kwathu ku Ntengo-Wambalame, m'dera la Tsangano, amadziwa zimenezi asanadziwe kulemba dzina lake. Mumaboola mphuno, mumapisa chingwe, ndipo ikafuna kulowa m'munda wa eni mumakoka mpaka khosi lipindike. Ikakana mumakokanso. Palibe amene amapepesa ng'ombe. Ine ndinayamba kuyendetsa ngolo ya bambo anga ndidakali wamng'ono, kuweruka ku eskola n'kukatula matumba a mbatatesi kumsewu, ndipo pofika desima, kalasi yachikhumi, pamene maphunziro anga anathera, dzanja langa linali litauma ngati goli. Ndayamba ndi zimenezi kuti wofuna kundiweruza adziwe kumene dzanjalo linaphunzira.

Ndinapita ku Chidzolomondo kukagwira ntchito ya nyengo imodzi m'zigafa za fodya. Ndinakhalako zaka zisanu, chifukwa ndinakwatirako. Kwathu, kumene magazi a Chingoni sanatheretu, mwamuna amatenga mkazi n'kupita naye kwawo. Kwawo kwa mkazi wanga zinthu n'zozondoka: mwamuna ndiye amanyamula kachikwama kake n'kukakhala pamudzi pa mkazi. Amamanga nyumba pamalo a eni, amalima munda wa eni, ndipo dzina lake limasanduka akamwini. Mbuzi ikalowa m'dimba, akamwini. Denga la apongozi likadontha, akamwini. Ukatsokomola mokweza, anthu amayang'anana.

Kwathu ndinali ndi munda umene bambo anandisiyira, nthaka yakuda yozizira, ndipo mng'ono wanga anali atayamba kale kuutchula kuti munda wake. Chimene ndinkafuna chinali chimodzi basi: chitengwa, chilolezo chotenga mkazi wanga ndi ana athu awiri kupita nawo kwathu. Wopereka chilolezocho si bambo a mkazi ayi. Ndi amalume ake, mwini mbumba. Ndipo amalume ake a mkazi wanga anali ndi kavalo.

Nthawi ya nkhondo anathawira ku Malawi monga ena onse. Anzawo ali pamzere wa ufa, iwo anapeza ntchito pa esiteti ina, yopala ndowe ndi kupesa akavalo a mzungu. Mtendere utabwera anabwerera kumudzi, koma mtima unatsala m'khola muja. Patapita zaka anamva kuti mzunguyo akusamuka, anapita kukatsanzika, ndipo anabwerako wapansi, masiku angapo panjira, akutsogoza kavalo wamkazi wofiirira amene ogula onse anamukana chifukwa cha chipsera chapamwendo. Anali kavalo yekhayo m'dera lonselo. Sankalima, sankakoka ngolo, sankakamidwa. Ankangodya gaga amene akananenepetsa nkhumba zitatu.

Amalume ankamutchula kuti amayi. M'mawa uliwonse timamva kukhola: "Mwadzuka bwanji, amayi? Kunazizira usiku, eti?" Ine moni wanga unkabwera pambuyo pake, ndipo unali waufupi.

Ndinatuma ankhoswe kawiri kukapempha chitengwa. Kawiri konseko anabwerako ndi mawu omwewo: "Tamva. Tionabe." Ndinafunsa mkazi wanga kuti kuonako akuona chiyani.

"Akuti dzanja lanu n'lolemera," anatero, akusenda nyemba osandiyang'ana.

"Ndinakumenyapo iwe?"

"Ine ayi. Nanga radiyo ili kuti?"

"Inazima pamene ankamenya penate!"

"Nanga chitseko chija? Nanga tambala wa achemwali?"

Tambala uja anadzifera yekha, chifukwa anaima pamene mwala unkapita. Koma za radiyo ndi chitseko zinali zoona, ndipo popeza zinali zoona ndinakalipa, ndinatuluka, n'kumenyetsa chitseko chatsopanocho.

Chaka chimenecho bondo la amalume linatupa ngati dzungu. Kuchipatala cha ku Furancungo anawapatsa mapiritsi n'kuwauza kuti asakwerenso chilichonse chamiyendo. Koma kavalo wongokhala amayamba mwano, amafunika kumuyendetsa. Alamu anga, achimwene ake a mkazi wanga, anali amuna amphamvu onse atatu, koma kavalo akangopemerera mphuno ankadumpha mpanda. Ndinaona khomo latseguka.

"Ine ndingathe, amalume. Ndayendetsa ng'ombe moyo wanga wonse."

Anandiyang'ana ngati ndanena kuti ndingatsogolere Misa chifukwa ndinaphapo nkhumba. Komabe analibe wina.

M'mawa mwake, kuseri kwa khola, anamanga chishalo chakale chachikopa pamsana pa kavalo. Kenako analowetsa kachitsulo m'kamwa mwake, kopingasa pamene palibe mano, kokhala ndi zingwe ziwiri, china uku china uku. Anandipatsa zingwezo nditakwera.

"Mugwire ngati mwagwira tsamba la fodya louma, akamwini. Mukafinya laphwanyika."

Tinayenda bwinobwino mpaka kavalo anaona nkhwani za apongozi anga aakazi m'mbali mwa nkhokwe. Anakhotera komweko. Ine sindinaganize n'komwe. Dzanja linachita zimene linaphunzira pangolo: ndinakoka zingwe zonse ziwiri ndi msana wonse, n'kukuwa monga timakuwira ng'ombe. Kavalo anaimirira ndi miyendo iwiri ngati munthu. Ndinatsetsereka kudzera kumchira n'kukhala pansi, thapsa, m'matope a pakhomo pa khola la mbuzi. Amayi amene ankasinja anasiya misi. Apongozi anga aakazi, amene mwambo suwalola kundiseka pamaso, anadzifunditsa nsalu yawo ya kapulana kumutu, koma mapewa ankagwedera.

Amalume sanandifunse ngati ndavulala. Anatsimphina kukagwira kavalo, anamusisita khosi, anamunong'oneza Chingelezi chawo cha ku esiteti. Atatha anatuma kuti abweretse msomali waukulu ndi luzi. Anamanga luzi uku ndi uku kwa msomali.

"Yasamulani, akamwini."

"Amalume, ine ndine bambo wa ana awiri."

"Amayiwa anabereka atatu. Yasamulani."

Ndinayang'ana mkazi wanga. Anali ataima pakhonde, manja m'chiuno. Ndinakumbukira munda wanga, ndinayasamula. Anandipingasa msomali uja m'kamwa, anapita kumbuyo kwanga, n'kukoka pang'ono chabe. Misozi inatuluka yokha, yosaitana.

"Izo ndi zala ziwiri za nkhalamba," anatero. "Inu munakoka ndi msana."

Ndinalavula dzimbiri. "Nanga akakana kuima?"

"Mumakhazikika pachishalo, mumatulutsa mpweya, mumafinya pang'ono, n'kumasula. Akamvera mumamasula msanga. Kumasulako ndiye zikomo wake."

"Ndiye kukoka mwamphamvu n'koletsedwa mpaka kalekale?"

"Wofunsa tsiku lokoka ndiye kuti dzanja likumuyabwa kale. Pitani mukachape buluku."

Ndinaphunzira, ndipo amene angatsutse abwere anditsutse pamaso. Miyezi itatu, masiku atatu pasabata, ndinkazungulira dambo amalume ali pampando wawo pansi pa mango akukuwa: "Manja pansi! Mukupalasa bwato kodi? Masulani, amva kale!" Ndinadabwa kuona kuti nyama yaikulu choncho imakhota ukangosuntha chala, mwinanso ukangoyang'ana kumene ukufuna kupita. Pangolo ndinkabwerako mapewa akuwawa. Apa chimene chinkandiwawa chinali kudzigwira. Kunena zoona kavalo uja ndinayamba kumukonda, ngakhale sindinafike pomutchula amayi. Tsiku lina amalume anandipatsa moni asanapite kukhola. Ndinauza mkazi wanga kuti ayambe kuyang'ana matumba osungiramo katundu.

Mvula itayamba, kutsidya kwa mtsinje kunamwalira gogo wina wa mpingo wathu. Tsiku loika maliro zinapezeka kuti mtanda wolembedwa dzina unali udakali kwa mmisiri wa matabwa kumsika, ulendo wotha m'mawa wonse wapansi, kupita ndi kubwera. Amalume eni ake ndiwo anandituma.

"Pitani ndi amayi. Pang'onopang'ono. Maliro sathawa."

Ndinafika bwino. Penti inali isanaume, ndinadikira. Itauma mmisiri anandimangirira mtanda kumsana ndi mphira, mikono yake ili pamapewa anga, mwendo wake wautali ukulendewera kumbuyo. Palibe amene anaganiza kuti mwendowo ukuthera pati. Unkathera pamatako pa kavalo.

Pamsika paja pamaima anthu a mota, njinga zamoto zija, odikira okwera. Panali wina, msinkhu wangawu, wonenepa, wovala magalasi akuda ngakhale kuli mitambo. Anandiona ndikukwera.

"Epa! Onani padiri watsopano! Bambo mfumu, tidalitseni!"

Anzake anaseka. Ine ndinakonza zingwe m'manja.

"Akulu, bulu wanuyu amamwa gazolina wanji?"

"Amadya udzu, ngati abale ako," ndinayankha.

"Iii, amaluma! Koma tandiuzani, kumudzi kuja anakutengani kuti mukwatire mwana wawo kapena muzipala ndowe za bulu wa mzungu? Mwamuna wathunthu, zaka zisanu ukutumidwa mchere!"

Mawu amenewo anagwera pachilonda penipeni. Ndinanyamuka makutu akutentha. Ndikanangopita zikanathera pomwepo, koma munthu uja analiza mota yake n'kunditsatira. Anafika pambali panga, akuliza belu, akutsegula moto n'kutseka, kutsegula n'kutseka. "Tiyeni tione, bambo mfumu! Kapena mukapemphe kaye chilolezo kwa apongozi?"

Ndinamenya kavalo ndi zidendene zonse ziwiri.

Sindinganame: poyamba kunali kukoma. Kavalo wokalamba uja anatambasuka ngati wakumbukira utsikana wake. Mphepo inandilowa m'kamwa. Pa chithaphwi china mota inayamba kuvina m'matope, ife tinadutsa ngati mphenzi, ndipo ndinacheuka n'kumuuza munthu uja mawu ena okhudza makolo ake amene sindingawalembe pano. Anatsala m'mbuyo akupukuta magalasi. Ndinapambana.

Ndiye ndinati tsopano tiime. Ndinakhazikika pachishalo, ndinatulutsa mpweya, ndinafinya pang'ono, ndinamasula. Palibe chinachitika. Ndinabwereza. Kavalo anawonjezera liwiro, makutu atagona kumbuyo. Apa m'pamene ndinamva phokoso kumbuyo kwanga: pha, pha, pha. Tikuyenda pang'onopang'ono mwendo wa mtanda unkangomukhudza. Tsopano pa kudumpha kulikonse unkamukwapula pamatako. Ine kutsogolo ndikupempha ndi zala kuti aime, kumbuyo malemu akumukwapula kuti athamange. Kavalo anasankha kumvera malemu.

Ndinayesa kufikira mtanda ndi dzanja limodzi, ndinatsala pang'ono kugwa. Mphira uja mmisiri anamanga ngati akumanga katundu wopita ku Tete. Ndinafika mpaka ponena mawu amene ndinalumbira kuti sindidzanena: "Amayi, pepani, imani!" Sanamve.

Chimene sindinkadziwa n'choti kumudzi kuja anthu ataona mitambo ikuda anagwirizana kuti asadikire mtanda, adzauzika pambuyo. Maliro anali atanyamuka kale. Njira yakumanda ndi yomweyo yochokera kumsika, ndipo pamalo ena imapanikizika: kumanja chigwembe chakuya chimene madzi anakumba, kumanzere munda wa fodya. Ndinayamba kumva nyimbo. Nditakhota pa chulu ndinawaona, akubwera molunjika kwa ine. Kutsogolo akatekisita ndi buku lawo. Pambuyo pawo amuna asanu ndi mmodzi atasenza bokosi. Kumbuyo kwa bokosi amayi odzaza njira yonse, ena ndi makanda kumsana, nkhalamba zandodo pakati pawo. Othawa akanathawira kuti? Akutsogolo anaona, akumbuyo ankangokankha akuimba.

Panalibe nthawi yoganiza zambiri, koma chimodzi ndinachikumbukira: ndikakoka zingwe zonse ziwiri adzaimirira kapena kulimbana nane, ndipo tidzagwera pa anthu tonse awiri. Ndinataya chingwe chakumanja. Chakumanzere ndinachikulunga kawiri padzanja, dzanja linalo ndinatsamira pakhosi pake, n'kukoka ndi mphamvu zonse zimene ndinasunga miyezi itatu. Ndinamva chitsulo chikukhula mano. Mutu wa kavalo unapindikira ku bondo langa, thupi linatsatira mokakamizika, ndipo tinalowa m'munda wa fodya. Miyendo yake inatitimira m'mizere yofewa, anagwada, ine ndinapitirira ndekha mumlengalenga ndi mtanda wanga.

Ndinatera chagada. Mtanda ndiwo unayamba kufika pansi, ine pamwamba pake. Mpweya wonse unandithawa.

Nyimbo inali itaduka pakati pa liwu. Nditatembenuza mutu ndinaona kuti awiri mwa onyamula bokosi anali atathawa, bokosi lapendekeka, ngodya imodzi yagunda pansi, ndipo amene anali pafupi amanenetsa mpaka lero kuti anamva gogo uja akugogoda m'kati. Akatekisita anali m'chigwembe, kukuoneka dzanja lokha litakweza buku kuti lisanyowe. Makanda onse ankalira. Koma wopondedwa panalibe, ngakhale mmodzi.

Woyamba kundifika anali mwana wamwamuna wa malemu, mphunzitsi wa ku Furancungo, atavala suti yakuda.

"Maluku iwe, wamisala! Ukufuna kuwapha kawiri amayi anga?"

Ena anafika. Wina anati ndaledzera. Wina anati akamwini a ku Tsangano ndi otero, anazolowera kukhala ndi ng'ombe. Mayi wina anati taonani mtanda wathyoka mkono, tsoka limeneli likhala la ndani? Mwini munda ankawerenga mitengo ya fodya yothyoka mokweza. Ine ndinadzuka pang'onopang'ono, wina anandimasula mphira, ndinaima pakati pawo, magazi akutsika m'chigongono. Sindinayankhe ngakhale liwu limodzi.

Amalume anali kumapeto kwa mzere, akuwakankha panjinga chifukwa cha bondo. Anatsika, anabwera akutsimphina pakati pa anthu, anandidutsa ngati ndine chitsa. Kavalo anali ataimirira, akunjenjemera, thovu lofiira likudontha. Anamutsegula pakamwa ndi zala. Mbali yakumanzere inali itang'ambika kutalika ngati chala chaching'ono. Anavula malaya awo oyera a kutchalitchi n'kumupukuta nawo, nkhalamba ili chifuwa pamtunda pamaso pa mpingo wonse.

"Pepani, amayi," ankatero. "Ndine ndinakuperekani."

Maliro anapitirira. Mkono wa mtanda anaumanga ndi luzi, ndipo gogo uja anagona pansi pa dzina lopendekeka mpaka mmisiri atapanga wina. Mvula inatipeza tikukwirira.

Patapita masiku atatu anandiitana pansi pa mango paja. Panali amalume, ankhoswe a mbali zonse ziwiri, alamu anga, mphunzitsi uja, mwini munda, ndi mkazi wanga atakhala pamphasa chapatali. Za anamfedwa zinatha msanga: mbuzi imodzi yopepesera. Mwini munda anati ndikabzale mbande zina ndi manja anga. Ndinavomera zonse. Nthiti zinkandibaya ndikapuma.

Kenako mlamu wanga wamkulu, yemwe uja wodumpha mpanda, anaona mpata woti amveke.

"Amalume anamuphunzitsa miyezi itatu kuti asamakoke. Taonani wachita. Wang'amba pakamwa pa kavalo. Munthu wosamva ameneyu."

"Khala chete," anatero amalume. "Pa tsiku lonse lija, pamenepo pokha ndi pamene sanalakwe."

Tonse tinawayang'ana.

"Zaka zonse zimene ndakhala ndi akavalo, ndinakokapo choncho kamodzi, mwana wa wophika atakwawira pakhomo pa khola. Kutsogolo kukakhala munthu amene sangathe kuthawa, umakoka. Chingwe chimodzi, kamodzi, ndi mphamvu zonse, osanyengerera. Pakamwa pamapola. Khanda lopondedwa ndi kavalo silipola. Akanachita ulemu pamenepo, bwenzi lero tikukumba manda ena." Anatembenukira kwa ine. "Zimenezo sindinakuphunzitseni. Munazitenga kuti?"

"Pangolo, amalume."

"Hm. Ndiye ng'ombe zili ndi ntchito yake."

Ndinayamba kuwongoka pampando. Ndinayang'ana mlamu wanga kuti aone nkhope yanga bwinobwino.

"Koma funso langa ndi lina," anapitiriza. "Amayiwa ndi achikulire. Sathamanga okha. Anawayambitsa ndani?"

Ndikanatha kunamizira mtanda. Unalidi ndi mlandu wake. Koma msika wonse unaona, ndipo bodza lofuna kulikumbukira mawa limanditopetsa. Ndinafotokoza zonse: wa mota, magalasi ake, mawu ake, zidendene zanga.

"Anandinyoza, amalume. Pamaso pa anthu."

"Anakunyozani."

"Kwambiri."

"Ndiye amene akulephera kudya lero ndi wa motayo?"

Ndinayang'ana pansi. Nyerere zinali kukoka chiwala chakufa pafupi ndi phazi langa, ndipo ndinaziyang'anitsitsa ngati ndalipidwa kuziyang'anira. Mumtima ndinali nditatsanzika kale munda wanga. Ndinaona mng'ono wanga akukumba mbatatesi zanga, ine ndikukalamba kuno ndikufolera madenga a eni.

Amalume anafwenthera fodya wawo wamphuno, anayetsemula, anapukuta.

"Nkhani ina ija, ankhoswe. Ya chitengwa. Akakolola atenge mkazi wawo ndi ana azipita."

Ankhoswe anga anafunsa kuti abwereze, poganiza kuti khutu lawanamiza.

"Ndati azipita. Mudzi uno uli ndi kavalo mmodzi yekha, ndipo ku Tsangano n'kutali bwino. Koma asanapite, m'mawa uliwonse azitsuka bala la amayiwa ndi madzi amchere, aziwaviikira gaga mpaka adzathe kutafuna. Ndipo mwana wathuyu akadzabwera kuno ndi dandaulo limodzi lokha, sadzabwereranso, ndi ana omwe. Mwamva, akamwini?"

"Ndamva, amalume."

Ndinatuluka pabwalo paja osadziwa ngati ndapatsidwa mphoto kapena ndathamangitsidwa. Mpaka lero alamu anga amati ndinathamangitsidwa.

Masabata awiri ndinatsuka bala lija. Kavalo ankandiona ndikubwera ndi kambale n'kutembenuka kundipatsa mchira. Tsiku lachinayi anandiponda phazi n'kukhala pomwepo, osasuntha, akuyang'ana kutali ngati akuganiza za mitengo ya fodya chaka chino. Chikhadabo chinachoka. Balalo linapola, linasiya kamzere koyera, koma chishalo sanandipatsenso.

Tinanyamuka chimanga chitalowa m'nkhokwe. Tinakwera kumbuyo kwa chapa, galimoto yotsegula yonyamula anthu, yopita ku Furancungo, kuti kumeneko tikapeze ina. Tinakhala pa matumba, mphasa ndi miphika zili pamiyendo, nkhuku zitamangidwa pansi pathu, ana atagona ngakhale galimoto inkadumpha ngati ikuthawa njuchi. Mudzi utabisika kuseri kwa phiri ndinapumira m'mwamba.

"Nkhalamba ija yandizunza zaka ziwiri," ndinatero. "Tionabe, tionabe. Pomaliza wandimasula ndi kavalo."

Mkazi wanga anakonza mpango wake chifukwa cha fumbi.

"Amalume sankakana," anatero. "Ulendo woyamba uja anavomera tsiku lomwelo. Ndine ndinawauza kuti adikire."

Ndinamuyang'ana. Galimoto inagwera m'dzenje, tonse tinadumpha n'kukhalanso.

"Iwe?"

"Ine. Kuno mukaswa chitseko, achimwene ali pafupi. Kwanu ndikanathawira kwa yani? Kwa ng'ombe?"

Ndinayang'ana uku ndi uku. Panali anthu ena khumi m'galimotomo, onse atatchera makutu, mayi wina wasiya ngakhale kutafuna nzimbe yake.

"Nanga chasintha n'chiyani? Ndagwetsa maliro a eni, ndang'amba kavalo, ndalipa mbuzi. Apa m'pamene waona kuti ndine munthu wabwino?"

"Wabwino sindinanene. Koma m'munda muja anthu anakuzingani, anakutukwanani, wina anatchula ngakhale amayi anu. Inu munangoima, chete. Chikwatirane sindinaonepo. Madzulo omwewo ndinapita kwa amalume."

Ndikanatha kungolandira ulemuwo, unali waulere. Koma pakamwa panga sipasunga kanthu.

"Sikunali kudzigwira kumene kuja. Mtanda unandichotsa mpweya. Ndinkafuna kuwatukwana onse, mmodzimmodzi, kuyambira mphunzitsi uja, koma mawu sankatuluka."

"Ndikudziwa," anatero. "Ndinakuonani mukuyasamula ngati mlamba. Koma ndinaona kuti n'zotheka, ndipo simunafe nazo."

Mayi wa nzimbe uja anaseka mpaka kutsamwa, mwamuna wake akumumenya pamsana. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimufunse chimene chikumukhudza pa nkhani za banja la eni. Mkazi wanga anandiyang'ana, nsidze zitakwera, akudikira. Kutsogolo kunali kudakali maola ambiri a fumbi, ndipo Chidzolomondo inali pafupi moti munthu akanatha kutsika ndi ana n'kubwerera wapansi.

Ndinapempha mayi uja kachidutswa ka nzimbe, n'kuyamba kutafuna.